Ku Montepulciano dzina la tauni limadyetsa anthu. Nanga mayina a kwathu ku Tete?

Akonzi,

Ndiloleni ndiyankhulepo kudzera m'nyuzipepala yanu pa nkhani ya zokopa alendo, imene masiku ano siisowa pakamwa pa atsogoleri ndi amalonda a m'chigawo chathu cha Tete. Nkhaniyi ikangoyambika, ambiri amathamangira kutchula mahotela, maiwe osambiramo ndi mabwato a pa Cahora Bassa, ndipo kukambirana kumathera pa mawu akuti tilibe ndalama zomangira zonsezo. Ine ndili ndi maganizo osiyana pang'ono, amene ndinawatola ku tauni yaing'ono ya pamwamba pa phiri m'dziko la Italy, yotchedwa Montepulciano, kumene ndinapatukira pamene gulu lathu la akhristu linali pa ulendo wa kumalo oyera ku Roma. Tauniyi ndi yotchuka ndi vinyo komanso nyumba zamakedzana, ndipo pamodzi ndi midzi yoizungulira ili ndi anthu osapitirira 15,000, amene ndi ochepa kwambiri tikayerekeza ndi boma lathu la Angónia. Komabe dzina lake limapezeka m'masitolo a ku Germany ndi ku America, ndipo linafika kumeneko chifukwa eni ake anagwirizana kuti lisamalembedwe pa katundu wamba, anaika malamulo a amene angaligwiritse ntchito, ndipo malamulowo amawasunga ngakhale pa chaka chimene akuwapweteka.

Munthu wochokera ku Roma amakwera sitima yolowera ku Firenze n'kutsikira pa siteshoni ya Chiusi, ndipo kuchoka pamenepo basi imakwera naye zitunda za chigawo cha Toscana, kudutsa m'minda ya mphesa ndi ya maolivi, mpaka pafupi ndi chipata cha tauni. Montepulciano inamangidwa pa msana wa phiri, mamita pafupifupi 600 kuchokera pa nyanja yamchere, pakati pa chigwa cha Chiana chakum'mawa ndi cha Orcia chakumadzulo. Kwa ife a ku Ulónguè kutalika kumeneku sikudabwitsa, popeza tokha timakhala pamwamba kuposa apo, koma mlimi aliyense akayang'ana pansi amadzifunsa chimene chinachititsa anthu kusiya chigwa chachonde chotere n'kukadzipanikiza pa thanthwe. China chinali nkhondo, pakuti mizinda ya Siena ndi Firenze inalimbirana tauniyi kwa mibadwo ingapo, mpaka mu 1511 pamene inakhazikika m'manja mwa Firenze. China chinali malungo. Chigwa cha Chiana, chimene lero ndi minda yokhayokha, chinali dambo lalikulu la madzi osayenda, ndipo chinaumitsidwa m'zaka za m'ma 1700 ndi 1800 ndi ntchito yaikulu ya ngalande. Ndinaona kuti n'kofunika kutchula zimenezi chifukwa ambiri a ife timaganiza kuti Azungu anabadwira m'malo okonzeka kale, pamene makolo awo ankathawa udzudzu womwewu umene umatisautsa m'mbali mwa Zambezi.

Magalimoto a alendo saloledwa kulowa mkatikati mwa tauni, kotero kuchokera pa chipata cha Porta al Prato munthu amayenda wapansi mumsewu waukulu woyalidwa miyala, umene umakwera mokhotakhota mpaka pa bwalo la pamwamba penipeni. Ndikuchenjezeni akuluakulu anzanga kuti mtunda wake ndi wa mawondo olimba, ndipo nsapato za kutchalitchi zosalala pansi muzisiye m'chikwama. Panjira pali zinthu zimene munthu wothamanga sangazione. Pa nyumba ina yotchedwa Palazzo Bucelli, tsinde la khoma linamangidwa ndi timabokosi ta miyala tosemedwa, momwe Aetruska, anthu amene anakhala m'derali Aroma asanalilamulire, ankasungiramo phulusa la akufa awo. Mwini nyumba wa m'zaka za m'ma 1700 ankatolera miyalayo, ndipo m'malo moitsekera m'nyumba anaiika poyera, pamene aliyense wodutsa angaikhudze ndi dzanja. Chapamwamba pang'ono pali nsanja ya wotchi, pamene chidole chovala zoyera chimamenya belu ola likakwana, ndipo ana a alendo amaima pansi pake kudikira, makolo awo akupumulirako.

Bwalo la pamwamba, Piazza Grande, ndilo mtima wa tauni. Mbali ina kuli nyumba ya khonsolo yokhala ndi nsanja, imene nkhope yake inakonzedwa ndi mmisiri Michelozzo m'zaka za m'ma 1400, ndipo mpaka lero ndi ofesi yogwira ntchito, momwe anthu amakalembetsa ukwati ndi kutenga zikalata zawo. Pafupi pali chitsime cha m'zaka za m'ma 1500 chokongoletsedwa ndi mikango ya miyala, chokumbutsa kuti pa phiri madzi ankasamalidwa ngati chuma. Koma chimene chinandigwira mtima ndi tchalitchi chachikulu cha tauniyi. Mkati mwake muli chithunzi chachikulu cha paguwa chimene Taddeo di Bartolo anajambula mu 1401, chowala ndi golide, koma kunja khoma la kumaso silinamalizidwe. Njerwa zili poyera, zokhakhala, zikudikirabe miyala yosalala imene siinabwere, ndipo papita zaka zoposa 300 palibe amene waganiza zolipaka simenti kapena penti kuti lioneke latsopano. Kwathu kuno, mlendo wolemekezeka akamabwera, chinthu choyamba chimene timagula ndi laimu ndi penti, ndipo nyumba zakale zingapo zataya nkhope yake yeniyeni mwa njira imeneyi, chikhalirecho amene anazipaka anali ndi mtima wabwino.

Kunja kwa linga, m'munsi mwa phiri, kuli tchalitchi china cha San Biagio, chimene Antonio da Sangallo wamkulu anayamba kumanga mu 1518 ndi miyala yoyererako yachikasu. Chimaima chokha pa kapinga, ndipo nachonso nsanja yake yachiwiri inalekezedwa panjira. Sindichulutsapo mawu, chifukwa zithunzi zake zili ponseponse pa intaneti.

Pali ulusi wina umene umalumikiza tauniyi ndi chigawo chathu, ndipo akatolika a ku Angónia ayenera kuudziwa. Roberto Bellarmino woyera, kadinala ndi mphunzitsi wa Mpingo, anabadwira ku Montepulciano mu 1542, ndipo analowa chipani cha Ajezuwiti mu 1560. Chaka chomwecho Mjezuwiti mnzake, Gonçalo da Silveira, anakwera mtsinje wa Zambezi kudzera ku Sena ndi ku Tete pa ulendo wopita kwa Mwenemutapa, kumene anaphedwa mu 1561. Patapita zaka mazana atatu ansembe a chipani chomwecho anabweranso, n'kumanga mishoni ya Boroma pa chitunda choyang'ana Zambezi m'zaka za m'ma 1880, kenako ya Lifidzi kuno kwathu kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900. Ndikutchula izi pofuna kutsutsa mawu amene ndimawamva kawirikawiri akuti ife tilibe mbiri yoti n'kuonetsa mlendo. Mzinda wa Tete unali kale pa mapu a amalonda pamene tchalitchi chachikulu cha Montepulciano chinali chisanamangidwe, ndipo linga la São Tiago Maior likadalipo m'mphepete mwa mtsinje.

Tsopano ndifike pa vinyo, pamene pagona nkhani. Ndinene msanga kuti sindikulemba kalatayi polimbikitsa uchidakwa, umene wapasula mabanja okwanira kale m'midzi yathu. Ndikulemba ngati munthu wobadwira m'banja la alimi amene akufuna kumvetsa chifukwa chimene mbewu ya mlimi wina imagulidwa pa mtengo wolemekezeka pamene ya mnzake imagulidwa mongomuthandiza. Pansi pa nyumba zambiri zakale za ku Montepulciano pali zipinda zokumbidwa m'thanthwe, zina zotsika masitepe ambirimbiri, ndipo ambiri mwa eni ake amalola mlendo kutsikamo. Kunja kunali dzuwa la mwezi wa Ogasiti, koma pansipo panali pozizira moti ndinalakalaka juzi, ndipo mpweya wake unali wa matabwa onyowa ndi zipatso zowawasa. Migolo yake ndi ya mtengo wa thundu la ku Ulaya, ina yaitali kuposa munthu wamkulu ataimirira, yomangidwa ndi malamba achitsulo, ndipo pa uliwonse panalembedwa chaka chimene mphesa zake zinathyoledwa. Pamwamba pa mgolo pali kabotolo ka galasi kokhala ndi madzi pang'ono, kamene kamatulutsa mpweya wa mkati koma osalola wa kunja kulowa, ndipo wosamalira amangoyang'ana kabotoloko kuti adziwe ngati vinyo waphwera ndipo pakufunika kuthiramo wina. Mayi amene ankationetsa anagogoda mgolo umodzi ndi chala n'kutiuza kuti vinyo wa mmenemo, ngakhale wogula atabwera ndi ndalama m'manja, sangatuluke nthawi yake isanakwane.

Nthawi imeneyo siikhala ya mwini mgolo kuisankha. Vinyo wotchedwa Vino Nobile di Montepulciano ali ndi malamulo olembedwa amene boma linavomereza. Mphesa zake ziyenera kulimidwa m'dera la Montepulciano lokha, pa zitunda za pakati pa mamita 250 ndi 600, kutanthauza kuti za m'chigwa chathyathyathya siziloledwa ngakhale zibereke bwanji. Magawo 70 pa 100 alionse, kapena kuposa apo, ayenera kukhala a mtundu wa Sangiovese, umene eni dera amautcha Prugnolo Gentile. Mlimi saloledwa kukolola zoposa matani 8 pa hekitala, kotero pa chaka cha zipatso zambiri ena amadula matsango akadali osapsa n'kuwasiya pansi, kuti otsalawo akhwime ndi mphamvu. Ndinamva chisoni nditamva zimenezi, chifukwa kwathu kutaya chakudya ndi tchimo, koma nditaganiza bwino ndinakumbukira kuti ifenso timapatulira chimanga pa phando kuti chotsalacho chibereke. Akafinya mphesa, vinyoyo ayenera kugona zaka ziwiri, mbali ina ya nthawiyo ali mumgolo wa matabwa, ndipo wotchedwa riserva amagona zaka zitatu. Pomaliza amakayezedwa ndi kulawidwa ndi akatswiri amene sauzidwa kuti botolo ndi la yani. Wolephera sataya vinyo wake, koma amamugulitsa pa dzina lotsikirapo ndi pa mtengo wotsikirapo.

Chizindikiro cha zonsezi ndi kapepala kakang'ono komatidwa pa khosi la botolo, kosindikizidwa ndi boma, kokhala ndi nambala yakeyake imene palibe botolo lina lili nayo. Mwini vinyo amalandira timapepalati molingana ndi kuchuluka kwa vinyo amene wavomerezedwa, kotero sangagule vinyo wotchipa kwina n'kumuthira m'mabotolo ake, chifukwa timapepala timuthera. Dongosololi silinagwe kumwamba. Alimi ndi ofulula anakhazikitsa bungwe lawo loteteza dzinali mu 1965, boma linavomereza dzinalo mu 1966, ndipo mu 1980 vinyoyu anali mmodzi mwa anayi oyamba m'dziko lonse kulandira chilolezo chapamwamba chotchedwa DOCG, pamodzi ndi Barolo, Barbaresco ndi Brunello wa ku Montalcino. Wowerenga aone zaka zimenezi. Nyumba ndi za zaka mazanamazana, koma malamulo amene amabweretsa ndalama anakhazikitsidwa anthu ambiri amene akuwerenga kalatayi atabadwa kale.

Ataliyana anaphunzira kufunika kwa malamulowa kudzera m'maliro. Mu 1986 amalonda ena a kumpoto kwa dzikolo anathira mankhwala a methanol mu vinyo wotchipa kuti akhale waukali, ndipo anthu pafupifupi 20 anamwalira, ena n'kuchita khungu. Ogula a kunja sanafunse kuti wolakwa ndi wa tauni iti, anangoleka kugula vinyo wa ku Italy, ndipo osalakwa analira pamodzi ndi olakwa, paja akulu anati nsomba ikawola imodzi zonse zawola. Pambuyo pake kuyendera ndi kuyeza kunakhwimitsidwa, ndipo alimi ambiri anasiya kuthamangira kuchuluka n'kuyamba kuthamangira ubwino. Ife a ku Tete sitifunika kuphunzitsidwa za ululu wotere. Mu Januwale 2015 ku Chitima, m'boma la Cahora Bassa, anthu oposa 70 anamwalira atamwa pombe pochokera ku maliro. Poyamba kunamveka mphekesera za ndulu ya ng'ona, koma akatswiri atayeza anapeza kuti poizoni anachokera ku tizilombo timene tinaswana mu ufa wa chimanga wowonongeka. Chakumwa cha makolo athu chilibe mlandu, ndipo amayi ambiri amaphunzitsa ana ndi ndalama za mowa umene amafulula, koma palibe kapepala pa chigubu kouza wakumwa kuti ufa wake unali wouma ndipo wina wodziwa anauona.

Dzina likatchuka limafunanso mlonda. M'chigawo china cha Italy chotchedwa Abruzzo muli mtundu wa mphesa wotchedwanso Montepulciano, umene ulibe ubale ndi tauniyi, ndipo vinyo wake, amene ndi wochuluka komanso nthawi zambiri wotchipa, amasokoneza ogula a kunja. Eni tauni analimbana ndi nkhaniyi kwa zaka zambiri, mpaka anapeza chilolezo choti mawu akuti Toscana azilembedwa pa botolo lililonse la vinyo wawo.

Wina angaganize kuti alimi a kumeneko akhala olemera chiyambire, koma okalamba a m'deralo amakumbukira zina. Mpaka m'zaka za m'ma 1960 ambiri anali matenanti pa minda ya mabanja olemera a m'tauni, pa dongosolo lotchedwa mezzadria, limene mlimi ankapereka theka la zokolola kwa mwini malo. Mu 1964 boma linaletsa mapangano atsopano a mtundu umenewu, koma pamenepo n'kuti achinyamata ambiri atathawira kale ku mafakitale a m'mizinda, nyumba za kumunda zitasanduka mabwinja. Chimene chinabweza moyo ndi zinthu wamba. Alimi ang'onoang'ono anali ndi kopaletivi yawo, Vecchia Cantina, imene inayamba mu 1937, kumene munthu wa munda wochepa amapereka mphesa zake n'kupindula ndi dzina lomwelo limene olemera amapindula nalo. Kenako mu 1985 dziko linakhazikitsa lamulo lolola mlimi kugoneka ndi kudyetsa alendo pa munda pake, malinga ngati ulimi ukhalabe ntchito yake yaikulu. Mabwinja aja anafoleredwanso, ndipo lero mlendo amalipira kuti agone m'nyumba imene agogo a mwini wake ankagonamo pamwamba pa khola la ng'ombe.

Chakudya chimene mlendoyo amapatsidwa n'chimene amphawi ankadya. Chotchuka kwambiri ndi pici, ufa wa tirigu ndi madzi basi, wokandidwa n'kupotedwa ndi manja pa thabwa kukhala zingwe zonenepa, wodyera msuzi wa adyo ndi tomato. Palibe amene amapepesa pochibweretsa pa tebulo. Ife mlendo wa kunja akafika timabisa nkhwani wotendera, chigwada ndi nsima ya mgaiwa, n'kumuthamangira ndi tchipisi ndi nkhuku ya mufiriji, zimene akanadya pa bwalo la ndege lililonse.

Ndinafika m'sabata imene tauni imakonzekera mpikisano wake wa pachaka, Bravìo delle Botti, umene umachitika Lamulungu lomaliza la Ogasiti. Tauniyi inagawidwa m'madera asanu ndi atatu, ena mwa iwo ndi Cagnano, Talosa, Voltaia ndi Poggiolo, ndipo dera lililonse limasankha anyamata awiri oti agubuduze mgolo wolemera makilogalamu pafupifupi 80, kukwera nawo msewu uja umene ine ndinakwera ndikupuma wefuwefu, mtunda woposa kilomita, mpaka pa khomo la tchalitchi chachikulu. Madzulo ankayeserera, ndipo phokoso la mgolo pa miyala linkamveka patali anthu ake asanaonekere. Mphotho yake ndi nsalu yojambulidwa chabe, yolemekeza Yohane Mbatizi woyera, nkhoswe ya tauniyi. Kale unali mpikisano wa akavalo, ndipo unazilala kwa nthawi yaitali mpaka mu 1974 pamene anauutsanso ndi migolo. Chimene ndinaona n'chakuti mwambowu ndi wa eni ake. Tsiku lake silisunthidwa chifukwa cha basi ya alendo, ndipo agogo amene ankakuwira adzukulu awo pa mawindo sanali pa ntchito ya ganyu. Ngakhale ine ndine mkhristu, ndimadziwa kuti Gule Wamkulu, amene bungwe la UNESCO linamulemekeza mu 2005 ngati chuma cha Achewa a ku Mozambique, Malawi ndi Zambia, ali ndi nthawi yake, bwalo lake ndi eni ake, ndipo tsiku limene tidzayambe kumuitanitsa pa khonde la hotela kuti avine pa ola limene mlendo wamaliza kudya, tidzakhala titagulitsa chimene chinapangitsa mlendoyo kubwera.

Sindingakhale wachilungamo ndikabisa mbali ina, pakuti walira mvula walira matope. Mumsewu waukulu wa Montepulciano masitolo ambiri ndi a vinyo, tchizi, zikwama zachikopa ndi tizikumbutso ta alendo, ndipo munthu wofuna misomali kapena sopo wochapira amatsikira kumunsi. Nyumba zambiri za mkati mwa linga zinasanduka zogona alendo, mitengo ya lendi inakwera, ndipo mabanja achinyamata ambiri amakhala m'midzi ya m'chigwa monga Acquaviva ndi ku siteshoni, n'kumakwera phiri m'mawa kudzagwira ntchito. Minda ina ikuluikulu inagulidwa ndi anthu a ndalama ochokera kwina, ndipo pa nthawi yothyola mphesa, mu Seputembala ndi Okutobala, manja ambiri amene amagwira ntchitoyo ndi a anthu obwera, ena a iwo ochokera kuno ku Africa, amene mayina awo salembedwa pa botolo. Ife amene tinaona mmene malasha a ku Moatize anakwezera mitengo ya nyumba ndi zakudya mumzinda wa Tete tisanamizidwe kuti ndalama za alendo zimagawika zokha. Kumene ndinaona kuti wamng'ono akupindula ndi kumene kunali kopaletivi kapena munda wa banja.

Nditabwerako, anzanga ena anandifunsa ngati sitingabzale mphesa ku Tsangano kapena m'munsi mwa phiri la Dómuè, popeza kumazizira. Yankho langa ndi lakuti tikatero tidzakhala tatengera chinthu cholakwika. Mvula yathu imagwa m'miyezi yotentha, nthawi imene mphesa za vinyo zimafuna kuuma, pamene ku Toscana nyengo yotentha ndiyo ya ng'amba. Ndipo ngakhale titapambana, tidzakhala omalizira pa msika umene anzathu anaukhazikitsa kalekale. Choyenera kutengera ndi kakonzedwe kake, ndipo katundu woti tikonzere tili naye kale. Mbatata ya kachewere ya ku Angónia ndi Tsangano imadziwika m'misika ya kutali, koma ikangokwera lole imasanduka mbatata wamba, ndipo wogula amene anapezapo thumba la zikuluzikulu pamwamba, pansi pali tating'ono ndi zoola, sakhulupiriranso aliyense wa ife. Masau a m'chigwa cha Zambezi, malambe, nsomba zouma za chicoa ndi nyemba za kumapiri kuno, zonsezi zili ndi mayina amene anthu a ku Beira ndi Maputo amawadziwa, koma aliyense angathe kuwatchula pa katundu wochokera kulikonse popanda womufunsa.

Chosangalatsa n'chakuti khomo linatsegulidwa kale. Nyama ya mbuzi ya kuno, Cabrito de Tete, ndiyo inali katundu woyamba m'dziko la Mozambique kulembetsedwa mwalamulo ngati wa dera lakelake, pa mfundo yofanana ndi ya vinyo uja, yakuti kukoma kwake kumachokera ku malo ndi ku zimene mbuzizo zimadya, makamaka masau ndi malambe. Koma chikalata cha mu ofesi ndi chiyambi chabe. Ku Montepulciano dzina lili ndi mphamvu chifukwa mlimi wamba amadziwa malamulo ake pamtima, amadziwa kuti mnansi wake akabera iyenso aluza, ndipo amavomera kuti katundu wake akanidwe akapanda kufika pa muyeso. Mbali yomalizayi ndiyo yovuta kwa ife, chifukwa wokana thumba la mbatata adzakhala mlamu wa mwini thumba, ndipo mawa adzakumana pa maliro. N'chifukwa chake olawa vinyo aja sauzidwa mwini botolo, ndipo magulu athu a alimi angathe kuchita chimodzimodzi polemba nambala pa thumba m'malo mwa dzina.

Za nyumba zakale ndinena mwachidule. Zimene zapulumuka ku Montepulciano zapulumuka chifukwa zikugwira ntchito. Linga la asilikali la pamwamba pa tauni lero muli malo olawirako vinyo a bungwe la alimi lija, zipinda za pansi zikusungabe migolo, ndipo nyumba ya zisudzo imalandira oimba achinyamata chaka ndi chaka pa chikondwerero chimene chinayamba mu 1976. Nyumba imene ili ndi munthu wotsekula m'mawa ndi kutseka madzulo imaonedwa msanga denga likayamba kudontha. Mishoni zathu zakale, masitolo a amwenye a m'matauni ang'onoang'ono ndi nyumba za nthawi ya atsamunda zimafuna chomwecho poyamba, wokhalamo ndi wozifotokoza, ndalama za akunja zisanabwere. Mphunzitsi wa mbiri wopuma pa ntchito, kapena katekisiti wokalamba, angathe kufotokozera mlendo za Boroma kapena Lifidzi bwino kuposa chikwangwani chilichonse, ndipo kangachepe kamene mlendo angamupatse kangakhale chiyambi cha thumba lokonzera malata.

Kwa amene adzakhale ndi mwayi wopita ku Roma, kaya pa za mpingo, za maphunziro kapena kukaona ana, ndikulangiza kuti apatule tsiku limodzi la ku Montepulciano, ndipo ngati thumba lilola agoneko, chifukwa tauniyi imaoneka bwino mabasi a alendo akachoka madzulo. Chitupa cha visa chiyenera kukonzedwa nthawi ikadalipo, ndipo amene amayankhula Chipwitikizi sadzavutika kwambiri, popeza Mtaliyana akayankhula pang'onopang'ono timamva zambiri. Masitolo ena amatseka masana, mabasi amachepa Lamulungu, ndipo wosamwa asachite manyazi kutsika m'zipinda za migolo, chifukwa palibe amene amakakamizidwa kulawa. Koma afunse mafunso a mlimi, monga amene amayendera minda, chimene chimachitikira wophwanya lamulo, ndi gawo la mtengo wa botolo limene limafika kwa wothyola mphesa.

Pempho langa kwa inu, Akonzi, ndi lakuti mutumize mtolankhani wanu akacheze ndi oweta mbuzi a ku Changara ndi Cahora Bassa komanso ogulitsa nyama a mumzinda wa Tete, ndipo musindikize m'Chichewa chomveka malamulo a Cabrito de Tete, amene alimi ambiri sangawawerenge m'Chipwitikizi cha m'maofesi. Mukatero, magulu a alimi a mbatata a kuno ku Angónia adzakhala ndi chitsanzo chapafupi choti akambirane pa misonkhano yawo nyengo yokumba isanafike.

Ine wanu wowerenga,
Mphunzitsi wopuma pa ntchito,
Ulónguè, Angónia